Mwera wa M'nkhalango

Bambo anga anavomera kukachotsa ng'ala m'maso atakhala pamwala, m'munsi mwa mathithi, m'nkhalango ya Nkhotakota. Anali atakana kawiri, ndipo ine ndinali nditasiya kuwakakamiza.

Bambo ndi msodzi wa ku Mwadzama. Anabadwira m'mphepete mwa nyanja, anakwatira komweko, ndipo ana tonse anatiphunzitsa sukulu ndi usipa, utaka ndi mpasa. Maso awo anayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono, lamanzere poyamba, kenako lamanja. Pofika chaka chatha sankathanso kusoka ukonde. Bwato anausiyira alamu anga, amuna a mchemwali wanga. Munthu akafika pakhomo ankamuzindikira ndi mawu.

Madokotala a maso amabwera ku chipatala cha paboma mwa apo ndi apo. Ulendo woyamba ndinawaperekeza ndine. Atawapima, namwino anawauza mokoma mtima ndithu kuti, "Musadandaule agogo, ndi ng'ala chabe. Tingokupalani, muyambiranso kuona."

Mawu amenewo ndi omwe anaononga zinthu. Kwa anthu ambiri, kupala ng'ala ndi kayankhulidwe chabe. Koma kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akupala mamba a chambo ndi mpeni, kupala ndi ntchito yomwe amaidziwa mpaka kaphokoso kake. Bambo anathokoza namwinoyo mwaulemu, n'kuvala kofia yawo, n'kutuluka.

"Ine si chambo," anatero titakwera minibasi.

Ndinabwerera kwa dokotala kukafunsa zonse, monga momwe ntchito yanga ya utolankhani inandizoloweretsera. Ndinabwera ndi mfundo zolemba m'kabuku: samva kuwawa, ntchitoyo sitenga nthawi, amayamba ndi diso limodzi, mawa lake amamasula bandeji. Bambo anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Walemba bwino, a mtolankhani," anatero. "Koma maso ndagwira nawo ntchito, atopa. Makutu alipo."

Apa panali povuta kutsutsa, chifukwa makutuwo analipodi. Mwera, mphepo ya kummwera yomwe imawinditsa nyanja m'miyezi yozizira, bambo amaumva usanafike. Amati umayamba ngati kung'ung'udza kwa galimoto yaikulu yomwe idakali kutali, pamene masamba a mitengo ali phee. Ngakhale atasiya kulowa m'madzi, asodzi anzawo ankawapezabe m'mawa padooko n'kufunsa, "Achikulire, lero bwanji?" Iwo amatembenuza mutu, n'kumvetsera, n'kuyankha. Sindikumbukira tsiku lomwe anaphonya.

Mwezi watha dzina lawo linalembedwanso kachitatu pa mndandanda wa odikira madokotala. A kuchipatala anati tikapereke yankho pofika Lolemba, apo ayi malowo apatsa wina. Loweruka lake ndinali ndi ulendo wa kuntchito, wokaona njira yatsopano ya alendo oyenda pansi m'nkhalango. Nkhani ya maso sinali m'mutu mwanga. Mayi ndi omwe anati, "Atengeni bambo anuwa akawongole miyendo. Angokhala pansi pa mango ngati mlonda wa nkhuku."

"Kumeneko kuli chiyani?" bambo anafunsa.

"Mathithi."

"Madzi?"

"Eya, madzi."

"Ndiye ndichoke pa madzi kukaona madzi." Anaseka, koma nsapato anavala.

Tisananyamuke anapita kudooko monga mwa masiku onse. Anamvetsera, n'kuuza alamu anga ndi anzawo kuti nyanja igona tsiku lonse, apite mpaka pakati.

Tinayenda pa galimoto ya mnzanga, msewu wa M5 kaye, kenako wafumbi wolowera kumadzulo. Pachipata cha nkhalango tinafika 10 koloko itangodutsa. Mmenemo munthu sayenda yekha. Anatipatsa mlonda wa nyama zakutchire, mayi wa msinkhu wapakati, wamfupi, wovala yunifolomu yobiriwira, mfuti ili paphewa. Anati anakulira ku Dwangwa, komwe makolo ake anabwera kuchokera kumpoto kudzadula nzimbe, ndipo lilime la kumpotolo linkamvekabe akamayankhula. Malamulo ake anali atatu: tiyende mondondozana, tisakweze mawu, iye akaima ifenso tiime.

Ndinawanong'oneza bambo kuti mayiyo wanyamula mfuti.

"Amayi," anatero bambo, "mfutiyo ndi ya njovu kapena ya ife?"

"Ya amene ayambe mavuto, agogo."

"Ndiye yang'anirani uyu. Amalemba anthu m'nyuzipepala."

Njirayo ndi yosavuta. Ndi yotakata moti anthu awiri atha kuyenda mogundana mapewa, ilibe chitunda choti munthu n'kupumira m'mwamba, ndipo imangotsetsereka chakumapeto. Mlonda anati achinyamata amaiyenda mphindi makumi anayi. Ife tinaiyenda ola limodzi ndi theka, bambo atagwira phewa langa lamanzere, ine ndikuwauza za mizu ndi miyala.

Kunyanja kwathu mitengo yaikulu inatha kalekale. Yatsala mango ndi migwalangwa. Apa tinalowa m'mitengo ya miombo yosadulidwapo, nthambi zake zitakumana pamwamba, dzuwa likungodontha pansi madonthomadontho. Masamba ouma ankalira kumapazi. Bambo sankaona zambiri, koma ankanunkhiza. Anati kukumveka fungo la nthaka yomwe khasu silinaigundepo. Patsogolo pang'ono anati kukumveka ngati khola la ng'ombe. Mlonda anatembenuka n'kuwayang'ana bwinobwino.

"Ndi ndowe za njovu," anatero. "Zadzana. Zili apo."

Bambo anawerama n'kupapasa ndi dzanja. Anayeza kukula kwake ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Iyi ndi imodzi?"

"Imodzi."

"Tiyeni tiziyenda, amayi."

Pafupi ndi kakhwawa kena tinapeza mbawa. Ndinaika dzanja lawo pa thunthu lake. Anayenda mozungulira mtengowo akuusisita, n'kuugogoda ndi nkhonya, n'kuika khutu. Ineyo ndinayesa kuukumbatira, manja anga sanafike ndi theka lomwe.

"Uwu ndi bwato wa anthu asanu ndi mmodzi," anatero bambo. "Ndi ukonde womwe."

"Umenewo nyanja sudzaiona," anatero mlonda.

"Ndikudziwa. Ndikungoulonjera."

Tinali titayenda pafupifupi ola pamene dzanja lawo linandifinya phewa. Anaima. Mutu anautembenuzira kumanzere, monga momwe amachitira padooko, kukamwa kuli kotsekula pang'ono.

"Mwera," anatero.

Ine sindinamve kanthu. Mlonda naye anaima, akutiyang'ana.

"Mwera ukubwera, waukulu. Imba foni kwa alamu ako. Auze abwerere kumtunda."

Ndinatulutsa foni. Netiweki panalibe ngakhale kadontho.

"Palibe netiweki, bambo."

"Kwera pamalo okwera. Ndawauza ndine anthu aja kuti apite pakati. Ndine ndawauza."

Mawu awo anali atasintha. Munthu wosakhala kunyanja sangamvetse msanga, koma mwera ukapeza bwato wa mtengo pakati pa nyanja, nthawi zina kumtunda kumafika bwato wokha. Bambo anaikapo anzawo m'manda chifukwa cha mphepo imeneyi. Anali atatembenuka kale kuti tibwerere, ndipo ankandikoka.

Apo m'pamene nane ndinaumva: mkokomo wapansipansi, wosadukiza, ngati ukuchokera m'nthaka. Ndinaumvapo kambiri ndili mwana. Ndi momwemodi mwera umamvekera.

Mlonda anabwera pafupi. Sanaseke.

"Agogo, pankhope panu pakuomba mphepo?"

"Mwera umamveka usanafike, amayi. Musandiphunzitse."

"Kunyanja sindingakuphunzitseni. Koma tamverani bwino. Ukukula kapena uli pomwepo?"

Bambo anamvetsera. Tinaima choncho nthawi yaitali ndithu, kambalame kena kakulira pamwamba pathu. Mwera ukamabwera umakwera n'kutsika, umapuma ngati munthu. Uwu sunkapuma.

"Uli pomwepo," anatero motsitsa mawu.

"Uwu subwera kwa anthu," anatero mlonda. "Anthu ndi amene amapita kwa iwo. Ndi madzi aja mwadzera."

Bambo anabwezera dzanja paphewa langa, ndipo kuchokera pamenepo nthabwala zinatha. Tinayamba kutsetsereka. Pamalo otsika kwambiri anaikapo miyala ngati masitepe, ndipo ndinawerenga mokweza kuti adziwe poponda: inakwana makumi awiri ndi isanu ndi iwiri. Mwala uliwonse mkokomo unkakula. Mpweya unazizira. Masamba a m'mbali mwa njira anayamba kunyowa ngakhale kumwamba kunalibe mtambo. Pomaliza tinazungulira thanthwe lina lalikulu, ndipo mlonda anapatuka kuti tione.

Ndalembapo za madzi osefukira, za milatho yokokoloka, za ngalawa. Ndinkaganiza kuti madzi ndimawadziwa. Kwathu madzi amagona. Ngakhale akwiye chotani, amawinduka n'kubwerera pogona pawo. Apa mtsinje wathunthu unafika m'mphepete mwa thanthwe lakuda bii, n'kupitirira ngati sunaone kuti nthaka yatha. Kutalika kwake ndinayerekeza ndi mitengo iwiri ya magetsi, wina pamwamba pa unzake. Pamwamba madziwo anali osalala, obiriwira, ooneka ngati sakuyenda. Akangopendekeka amasweka n'kuyera mbee, n'kugawika patatu, mbali yapakati yaikulu, ziwiri zam'mbali zopyapyala ngati ulusi. Pansi panali dziwe lozungulira, lakuda pakati, lowira m'mphepete mwa thanthwe. Utsi wa madzi unkakwera n'kumatinyowetsa tili patali. Mizu ya mikuyu inatsika pathanthwepo ngati zingwe, ndipo anamzeze ankalowa kuseri kwa madzi akugwawo n'kutulukira mbali ina, osanyowa.

Kabuku kanali m'thumba. Sindinakatulutse.

Tinawakhazika bambo pamwala wafulati, moyang'ana mathithiwo. Anavula kofia. Timadontho tinayamba kukhala pa imvi zawo. Mwalawo unkanjenjemera pang'ono, ndipo ndinaona akuika zikhatho pansi kuti amve bwino.

"Mukuona chiyani, bambo?" Ndinachita kuyankhulira kukhutu.

"Nsalu yoyera. Ngati wina wayanika." Anatsinzina, n'kutsekulanso. "Basi. Fotokoza, a mtolankhani. Si ntchito yako?"

Ndinayamba ndi kutalika. Ndinanena za mitengo ya magetsi, za magawo atatu, za mtundu wa thanthwe. Zonse zinali zoona, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikuwerenga mndandanda wa katundu. Bambo anagwedeza dzanja.

"Zimenezo ndi miyeso. Ndikuti akuoneka bwanji?"

Ndinayesanso. Ndinati ali ngati ufa ukukhuthuka m'thumba. Ndinati ayi, ali ngati utsi wotsika m'malo mokwera. Ndinasiya.

"Sindingathe, bambo."

"Sukulu yonse ija."

"Eya."

Anatembenukira komwe kunali mlonda. "Amayi, madziwa amagwa chonchi tsiku lonse?"

"Tsiku lonse, chaka chonse. Nthawi ya dzinja pomwe mwakhalapo sipafikika."

"Ngakhale kulibe munthu woonerera?"

"Masiku ambiri kuno sikubwera munthu."

Bambo anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndiye pamene ndinkabadwa ankagwa. Pamene ndinkakwatira ankagwa. Ine ndili pamunsi pomwepa, osadziwa." Anafunsa komwe madziwo amapita. Mlonda anati kamtsinjeko kamathira mu Bua, ndipo Bua amathira m'nyanja.

"Ndiye ndawapalasapo madzi amenewa."

"Mwawapalasa, mwawamwa."

"Koma anali atafatsa. Sanandiuze kuti kwawo amachita zotere."

Kenako mlonda anawonjeza mfundo yomwe ine sindinkaidziwa. Anati mvula ikagwa, mpasa zimachoka kunyanja n'kukwera mitsinje kukaswana, ndipo zina zimafika m'dziwe lomweli. Zimayesa kudumpha thanthwelo, zimalephera, n'kuikira mazira m'miyala ya m'munsi. Bambo anawongoka. Mpasa anazipha zaka zambiri pamathiriro a mtsinje, zikuthamangira kumtunda, mimba zili zodzaza.

"Ndinkazifunsa kuti mukuthamangira kuti," anatero. "Kani n'kuno."

"Zimaoneka ndithu," anatero mlonda. "Zimang'anima zikamadumpha."

"Zimaoneka," bambo anabwereza mawuwo okha.

Dzuwa linali litakwera mpaka kulowa m'chigwamo. Litangogunda utsi wa madzi uja, utawaleza unatulukira. Sunali kumwamba. Unali pansi, patsogolo pathu, phazi lake limodzi lili pamwala womwe ndikanatha kuugenda. Mitundu yake inali yowala kuposa uliwonse womwe ndinauonapo, ndipo kamphepo kakasuntha utsiwo, nawo unkasuntha. Ine ndi mlonda tinatulutsa mawu nthawi imodzi, osapangana.

"N'chiyani?" anatero bambo.

"Utawaleza."

Anakweza nkhope kumwamba.

"Ayi bambo, pansi. Apa." Ndinagwira dzanja lawo n'kulozetsa. "Mutayenda mapazi khumi mukhoza kuimamo."

"Utawaleza umakhala kutsidya kwa nyanja. Sufikika."

"Uwu uli apa, agogo," anatero mlonda. "Umabwera dzuwa likafika pamenepo. Ukhalapo pang'ono, kenako upita."

Bambo anayang'ana komwe ndinalozako. Anapukuta maso ndi nsonga ya malaya, n'kuyang'ananso. Anatseka lamanzere ndi chikhatho, n'kuyesa lamanja lokha. Ine ndinkayang'ana iwo, osati utawaleza. Patapita nthawi anatsitsa dzanja.

"Ulipobe?"

"Ukuzilala."

Posakhalitsa unatha. Kenako anapempha kuti ndiwatsitsire m'mphepete mwa dziwe. Nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, inali itayandikira. Anapinda manja a malaya n'kuchita wuzu monga amachitira asanapemphere: manja, m'kamwa, nkhope, mikono, mapazi. Madziwo anali ozizira moti anapuma mokoka. Anatapanso ena n'kulawa.

"Ndi omwewo," anatero. "Alhamdulillah."

Atatha kupemphera tinakhala pamwala paja n'kudya mbatata yootcha yomwe mayi anga anatimangira kunyumba. Mlonda analandira imodzi. Palibe amene anatchula za chipatala. Anayamba okha.

"Makutu andinamiza lero."

"Aliyense akanaganiza choncho, bambo. Nanenso ndinamva ngati mwera."

"Iwe ndiwe aliyense. Ine sanandinamizepo." Anamenya mbatata pang'onopang'ono. "Ndikanakhala ndekha ndikanathawa. Ndikanakafika kunyumba n'kuuza anthu kuti kunkhalango kuli mwera. Ndipo akanandikhulupirira."

Mlonda anati, "Amayi anga anawapala chaka chatha. Pano mpunga akusankha okha."

"Amayi, mawu amenewo musawanenenso. Mwayenda nane bwino."

"Pepani. Anawatsuka."

"Eya. Kutsuka ndiye mawu." Anatembenukira kwa ine. "Lolemba ukawauze a kuchipatala asafufute dzina langa. Koma ukawauzenso kuti kupala akapale chambo."

Ndinati ndikawauza. Ndinafuna kunena zambiri, koma ndinaona kuti zikhoza kuononga, ndiye ndinangotola makoko a mbatata n'kuika m'thumba, poti mlonda anali atanena kuti m'nkhalango sitisiya kanthu.

Pobwerera tinayenda mofulumirirapo. Pa mbawa paja bambo anaimanso n'kuusisita. Mkokomo unkachepa kumbuyo kwathu, ndipo pamalo pomwe anaima poyamba paja anaimanso dala, n'kutembenuza mutu.

"Ukaudziwa, umasiyana," anatero. "Mwera uli ndi mchenga m'mawu mwake. Uwu ulibe."

Netiweki inabwera titangotuluka pachipata. Bambo anati ndiimbe msanga. Alamu anga anayankha ali padooko, akutsitsa utaka. Anati nyanja inagona tsiku lonse ngati mphasa.

"Wamva?" anatero bambo. "Za kunyanja sindinaphonye."

"Simunaphonye."

"Ulembe zimenezonso."

Potsanzikana anagwira dzanja la mlonda ndi manja awiri, n'kufunsa mwezi womwe mpasa zimafika padziwe paja. Mayiyo anati zimatengera mvula, koma madzi akayamba kutsika, njira ikauma pang'ono, m'pamene munthu angafike pamwala paja n'kuziona. Anati tidzafunse za iye pachipata.

"Mudzandizindikira?" anafunsa bambo.

"Funso ndi lakuti inu mudzandizindikira, agogo. Mwangondimva mawu."

"Ndikuganiza kuti ndinu wamtali."

Mlonda anaseka mpaka anagwira chipata.

Lolemba ndinapita ku chipatala m'mawa. Dzina linali lisanafufutidwe. Uthenga wa chambo ndinaupereka monga momwe unalili, ndipo namwino analemba kenakake pambali pa dzinalo akumwetulira. Madokotala afika sabata yamawa. Ayamba ndi diso lamanzere Lachitatu m'mawa, ndipo Lachinayi adzamasula bandeji. Lamanja lidikira ulendo wina. Bambo afunsa kale kawiri ngati diso limodzi likwanira kuona nsomba ikudumpha, ndipo namwino wati likwanira.